Kuno Kulibe Fumbi

Kinzembo, Angola
10 Malichi 2024

Okondedwa Amake Chiko,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu ndi wa mwana wathu. Ine ndili bwino, kupatula mapazi omwe sanazolowere nsapato zantchito. Pafoni timangoti "muli bwanji" netiweki n'kuthawa, ndiye ndaganiza zomalemba papepala. Lamlungu ndizikwera kachitunda ka kuseri kwa kampu, n'kujambula kalatayo ndi foni, n'kukutumizirani. Musachonge zilembo zanga, aphunzitsi.

Ntchito ndi yomwe ija anandiuza ku Lusaka, yoyang'anira mamita ndi mawaya pa zitsime za mafuta. Mafuta akamatuluka pansi amabwera pamodzi ndi gasi. Kampani ilibe paipi yopititsira gasiyo kumsika, choncho amangomuotcha pamwamba pa chipaipi chachitali kuposa mkuyu wathu wa m'tauni. Motowo amautcha fuleya, ndipo suzima. Umalira ngati sitima ya katundu imene ikubwera koma siikufika pa siteshoni.

Chimene chandidabwitsa ndi chakuti kuno kulibe fumbi. Ndinasiya dala windo la chipinda changa osapukuta sabata yathunthu, kenaka ndinapititsapo chala. Chinabwera choyera. Kwathu ku Makandanyama, ku Kabwe, mukapukuta m'mawa, masana mutha kulembapo dzina. Kuno udzu umafika pakhomo penipeni.

Ndawerenga kuti mvula yakaniratu kwathu. Ndiye kuti fumbi liyamba msanga chaka chino, ndipo fumbi lathu mukulidziwa, ndi lija la mtovu wa ku mgodi wakale. Musasese pabwalo pouma. Wazani madzi kaye, ngakhale otsukira mbale. Chiko asakhale padothi, ndipo asambe m'manja asanadye chilichonse, chingakhale chitumbuwa. Ndiwo zamasamba muzigula zochokera cha ku Mulungushi, osati za m'madimba a kufupi ndi phiri lakuda la zinyalala za mgodi. Kumayambiriro kwa Epulo mupite naye ku kiliniki akamuyeze magazi. Mundilembere nambala yeniyeni, osati zoti "anesi akuti ali bwino."

Kangachepe ndatumiza Lachisanu. Mugule unga usanakwerenso.

Ndine mwamuna wanu,
Gershom


Kinzembo
21 Epulo 2024

Amake Chiko,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino. Ine ndilipo.

Nambala ndailandira: 41. Chaka chatha inali 33. Mabuku a zaumoyo amati mtovu ukafika pa 5 m'magazi a mwana, dokotala ayambe kufufuza komwe ukuchokera. Musalire pamaso pake. Mankhwala alipo otsitsa nambala ikakwera kwambiri, koma mwana akabwerera pabwalo lomwelo imakweranso. Inu mwawaza madzi, mwapukuta, mwachita zonse. Chotsala ndi kuchoka.

Tsono mverani. Pa geti la kampu pali kabokosi koyera ka makina oyeza mpweya, kokhala ndi galasi losonyeza manambala. Ndakhala ndikuwakopera m'kope langa m'mawa uliwonse kwa masiku makumi atatu. Ndinafunsa mkulu woona za chitetezo funso limodzi: kodi makinawa amayeza fumbi laling'onoting'ono lija lolowa m'mapapo? Anati inde. Masiku onse makumi atatu nambala inali yotsika, nyali yake ili yobiriwira. Dothi la kuno ndinafunsanso. Sikunakhaleko mgodi wa mtovu.

Kampani imalola okwatira kukhala kunja kwa kampu. M'mudzi wa Kinzembo, makilomita awiri kuchokera kuntchito, muli mayi wamasiye dzina lake Dona Firmina. Kuseri kwa nyumba yake kuli ina ya zipinda ziwiri, ya simenti pansi, mtengo wa mango pakhomo. Chipwitikizi changa ndi cha mawu makumi awiri, choncho tinakambirana ndi manja. Anafunsa zaka za mwana. Nditatambasula zala zisanu anadzigwira pachifuwa n'kulankhula zambiri zimene sindinamve. Ndikuganiza amati amakonda ana.

Ndikufuna mubwere kuno, inu ndi Chiko. Musayankhe msanga. Ndikudziwa ntchito yanu pa sukulu ija ya ku Chililalila munaifunafuna zaka zitatu, ndipo mukachokapo sadzakusungirani malo. Koma ikani ntchitoyo mbali ino, 41 mbali inayo, muone kolemera.

Moni kwa alamu a Bwezani. Muwauze buku langa la zamagetsi lija alisunge kutali ndi chiswe.

Wanu,
Gershom


Kinzembo
2 Juni 2024

Amake Chiko,

Moni wa Lamlungu. Thupi lili bwino. Ndakondwa kumva kuti chifuwa cha Chiko chapola.

Mwalemba kuti, "Atate ake Chiko, mtima wanga sukukhazikika ndi chimoto cha pa chithunzi chija. Kodi mbalame zimadutsa pamenepo?" Mbalame sindinaziwerenge. Koma ndikuyankheni mwadongosolo.

Motowo ndi woipa, sindikana. Gasi amene tikuotcha tsiku limodzi akanaphikira Makandanyama yense kwa nthawi yaitali, pamene inu mukukhala osaona malaiti theka la tsiku. Utsi wake ukakwera umathandiza kutenthetsa dziko, ndipo gasi wothawa osapsa amatenthetsa koposa. Sindinganene kuti chipaipi chathu chino ndicho chaumitsa chimanga cha amayi anu ku Petauke. Chilala chili ndi zoyambitsa zambiri. Koma zipaipi zotere zilipo zikwizikwi, ndipo akatswiri amagwirizana kuti zaka zotentha ndi zouma zizibwera kawirikawiri. Ndikamauyang'ana motowo ndimadziwa kuti ndikudya kuchokera pa chinthu chowononga. Komabe limenelo ndi vuto la dziko lonse ndi la zaka zambiri. Vuto la Chiko lili pabwalo pathu, chaka chino. Utsi wa fuleya umapita m'mwamba, sugwera pa windo. Ndayang'ana.

Mtima ndi wabwino, mkazi wanga, koma suyeza kanthu.

Mwafunsa mmene ndimathera Lamlungu. Mpingo wathu wa Reformed kuno kulibe. Ndinapitako kutchalitchi cha m'mudzi kamodzi, ndinangomva "Amen" yekha. Ndimachapa, ndimasita, ndimawerenga. Buku lomwe ndinabwera nalo ndalimaliza kachitatu. Nthawi zina ndimatsegula buku la nyimbo, koma kuimba wekha besi popanda wotsogolera kumamveka ngati kudandaula. Dzulo ndinazindikira kuti ndatha masiku anayi osalankhula Chinyanja ndi munthu, ndiye ndinapatsa moni mbuzi ya Dona Firmina. Sinayankhe, mwina ndi ya Chikongo.

Popeza mwavomera, tichite motere. Kalata yosiya ntchito mupereke pa 31 Julayi, kuti mumalize temu bwinobwino, ana a eni asasiyidwe pakati. Pasipoti ya Chiko a Bwezani akuperekezeni. Mipando musagulitse motaya. Ine ndilowa m'nyumba ija mwezi uno kuti ndikonze. Malata ake achita dzimbiri msanga, ngakhale akuti ndi a zaka zinayi zokha. Uyenera kukhala mchere wa m'nyanja.

Ndine,
Gershom


Kinzembo
14 Julayi 2024

Amake Chiko,

Muli bwanji kumeneko ndi mphepo ya Julayi? Ine ndili bwino. Mutu umandiwawako m'mawa, koma ndikafika kuntchito umasiya. Madzi ndikumwa okwanira.

M'nyumba ndinalowa pa 20 Juni. Chipinda cha Chiko ndapaka penti yachikasu monga anandilamula pafoni. Anati, "Adadi, yelo ya dzira, osati ya nthochi." Ndinayenda masitolo atatu kufuna yelo ya dzira. Mumuuze kuti ndamvera. Ndakhomanso mashelufu a mabuku anu. Apendekeka pang'ono, koma buku siligwa.

Kuno ndi nyengo ya nkhungu. Mvula yaleka, kumwamba kumakhala kotuwa, mphepo siiomba mpaka masana. M'mawa m'mudzi mumamveka kafungo ngati ka pa filing'i siteshoni. Anthu a kuno akuti anazolowera.

Kwabwera munthu wa kwathu, mayi Nosiku wa ku Mongu. Amagwira ntchito ku labu, komwe amayeza mafuta ndi madzi. Chinyanja chake ndi cha ku Lusaka, koma kwa ine chinamveka ngati kwaya. Tinacheza Loweruka la sabata yatha lija, makamaka za ntchito. Ndi munthu wodziwa zinthu. Pali kanthu kena kakang'ono kamene ndikuyesa ndi thandizo lake. Ndidzakuuzani zotsatira zikabwera, sindikonda kulankhula ndisanaone manambala.

Mwati amayi afuna mupite kukatsazika ku Petauke. Pitani, ndipo muwatengere thumba la unga.

Madzulo ndikaweruka ndimakhala pansi pa mango uja. Ndimaona pomwe tidzaika mbaula, ndi pomwe Chiko adzajambula mizere ya masewera a waida. Nyumba yopanda anthu imamveka kwambiri, Dorcas. Ngakhale supuni ikagwa.

Wanu,
Gershom


Kinzembo
4 Ogasiti 2024

Amake Chiko,

Ndili bwino. Ndikhulupirira inunso.

Ndamva kuti kalata munapereka Lachitatu, ndipo ana a giredi 4 analira, ahedi nakupatsani chitenje. Munagwira ntchito yabwino pa sukulu ija. Ndamvanso kuti eni nyumba apeza kale wolowamo pa 1 Seputembala.

Matikiti a ndege musagule kaye. Pali mapepala ena amene ndikudikira kuno. Mipando yotsala musagulitse.

Ndikanalemba zambiri koma sabata ino ntchito yachuluka. Mumpsompsone Chiko.

Gershom


Kinzembo
25 Ogasiti 2024

Dorcas,

Ndikhulupirira muli moyo, inu ndi mwana. Khalani pansi musanapitirize kuwerenga.

Musabwere. Kuno si malo a Chiko.

Ndifotokoza mwadongosolo. Tsiku lina ndinaonetsa mayi Nosiku kope langa la manambala a pa geti, monyadira. Anatembenuza masamba, kenaka anandiyang'ana.

"Ba Daka, mufuna kuleta mwana pa manambala aya?"

Ndinati inde, onani, obiriwira onse.

"Iyi mashini ipima che fumbi. Fumbi yeka. Imwe ba ku Kabwe, poizoni yonse muganiza ni fumbi. Mukaona windo yoyera, basi mwafika kumwamba."

Ndinati mkulu wa chitetezo anandiuza yekha.

"Anakuyankhani vamene munafunsa. Munafunsa za gasi? Manje mphuno yanu, muli nayo ya chani?"

Anandilongosolera, ndipo ndawerenga ndekha pambuyo pake. Fuleya sapsereza zonse. Matanki osungiramo mafuta nawo amapuma nthunzi. M'nthunzimo muli mpweya wina wotchedwa benzini. Suoneka, sugwera pa windo, sungauwaze madzi. Ukapumidwa kwa nthawi yaitali umawononga m'mafupa momwe mumapangidwa magazi, ndipo ana ndiwo amakhala pangozi kwambiri. Mulinso mipweya ina yoyabwa m'chifuwa. Kabokosi ka pa geti sikamva zonsezi. Komanso geti lili mbali yomwe mphepo imachokera, pamene mudzi uli kumene imapita. Nyengo ya nkhungu ino mpweya sukwera, umagona m'mudzi.

Mayi Nosiku anandipatsa timachubu tiwiri toyamwa mpweya, ngati tomwe amavala antchito a ku matanki. Kamodzi ndinakapachika pa mango, kena m'chipinda chachikasu, kwa masabata awiri. Tinatitumiza ku labu ya kunja. Zotsatira zafika Lachiwiri. Benzini wa pa mango wapitirira kangapo malire amene mayiko ambiri amaika pa mpweya wa m'midzi. Wa m'chipinda ndi wocheperako pang'ono chabe. Kuyeza kumodzi si umboni wokwanira kukhoti, ndipo sindinganene kuti chaka chonse zimakhala chomwecho. Koma mwana amene magazi ake akulimbana kale ndi mtovu sitingamuyesere pamenepa.

Ndinapita ndi mnzanga wodziwa Chipwitikizi kwa Dona Firmina. Adzukulu ake awiri anawatumiza kwa mwana wake kutauni chaka chatha, chifukwa cha chifuwa ndi kamfuno. Akuti anandiuza tsiku loyamba lomwe. Nditamufunsa chifukwa chake sanaumirire, anati, "Unali ndi kope ndi cholembera. Ndinayesa ukudziwa kuposa ine."

Zotsatirazo ndazipereka kwa akuluakulu a kampani molemba, kopi ina ndapatsa Dona Firmina kuti apite nayo kwa atsogoleri a m'mudzi. Akuluakuluwo anandithokoza mwaulemu, n'kundikumbutsa kuti ntchito yanga ndi ya mawaya. Zina za kumeneko tidzakamba pamaso.

Ndikudziwa ntchito mwasiya, nyumba mukutuluka Loweruka. Ndalankhula ndi a Bwezani, akuti mutha kukhala kwawo pamene tikuganiza. Ndinalakwitsa funso, Dorcas. Ndinayeza mdani wa kwathu m'dziko la eni.

Ndiimbireni Lamlungu. Ndidzakhala pa kachitunda kuyambira 2 koloko.

Gershom


Kampu, Kinzembo
29 Seputembala 2024

Amake Chiko,

Ndikupempha Mulungu kuti kalatayi ikupezeni muli bwino. Ine ndilipo. Mutu unasiya chibwerereni ku kampu. Makiyi ndinabweza kwa Dona Firmina.

Malamlungu anayi ndakhala pa kachitunda, foni osalira. Za inu ndamva kwa a Bwezani: kuti kwawo munagonako masiku atatu okha, kenaka munanyamula Chiko ndi makatoni a mabuku kupita kwa amayi ku Petauke. Akuti munati, "Kuli njala, koma dothi lake mwana atha kukhalapo." Mwaganiza bwino. Ine ndinayang'ana mayiko awiri n'kulephera kuona mudzi womwe munabadwira, chifukwa kunalibe kabokosi kondiuza. Za chakudya musadere nkhawa. Kontirakiti yanga ikutha Malichi, ndipo ngati sandichotsa ndigwira mpaka tsiku lomaliza. Chilichonse chopita kwa inu chizifika monga kale.

Dzulo uthenga wanu wafika, mawu awiri okha: "Munadziwa liti?"

Ndalemba mayankho atatu n'kuwang'amba, chifukwa onse amayamba ndi "mvetsani." Ili ndi lachinayi.

Linali Loweruka, pa 6 Julayi, cha m'ma 10 koloko m'mawa, pakhomo pa labu. Ndi tsiku limene mayi Nosiku anandiuza kuti kabokosi kamayeza fumbi lokha. M'kalata yapita ija ndinalemba kuti "tsiku lina." Ndinadziwa chimene ndikubisa polemba choncho. Inu munapereka kalata yanu pa 31 Julayi. Pakati pake pali masiku 25. M'masiku amenewo tinalankhula pafoni katatu, ndipo ndinakulemberani kalata yonena za penti.

Ndinkadziuza kuti munthu wanzeru sasokoneza banja lake chifukwa cha mawu a munthu mmodzi ndi kafungo. Ndinkati ndidikire manambala. Zimamveka bwino, ndipo ndi mmene mumandidziwira. Koma kuti ndinene "Dorcas, kalata ija baigwirani kaye" sipankafunika labu. Pankafunika mphindi imodzi ya netiweki. Ndinali nayo katatu. Tsiku lachiwiri la kuimba kuja munandifunsa kuti, "Zonse zili bwino kumeneko?" Ndinayang'ana fuleya ali uko, n'kuyankha kuti zili bwino.

Chifukwa chake si manambala. Ndinkafuna mubwere. Ndinkaopa kuti mukangokayika kamodzi simudzabweranso, ndipo ndidzatsala m'nyumba ija ndekha. Ndinkayembekeza kuti timachubu tija tidzanditsutsa, tidzati mpweya uli bwino. Zaka zonsezi ndakhala ndikukuuzani kuti mtima suyeza kanthu, ndipo mtima wangawo ndiwo wakudyerani ntchito ndi nyumba. Inu munafunsa za mbalame mu Meyi. Funso lanu linali labwino kuposa langa.

Sindikupempha kuti mundiyankhe. Kwa ahedi ndalemba ndekha, kuwauza kuti cholakwa chinali changa, ngati pangadzapezeke malo Januwale. Sindikudziwa ngati mungafune kubwerera ku Kabwe. Zimenezo mudzanena ndinu, ndipo ine ndidzamva.

Tchuthi changa chiyamba pa 14 Disembala. Basi ya ku Chipata imaima pa Petauke masana, ndipo ndidzatsika. Ngati pa siteji sipadzakhala munthu, sindidzadabwa. Njira ndikuidziwa. Ndidzafika pa bwalo la apongozi, ndidzavula chipewa, n'kukhala pansi patali ndi khomo monga ndinachitira tsiku lodzakufunsirani. Amayi anu akadzafunsa kuti mkamwini wabwera ndi nkhani yanji, ndidzanena tsiku lomweli la 6 Julayi pamaso pawo ndi pa amalume anu. Ndidzakhala pamenepo mpaka wina atulutse mpando, kapena andiuze nthawi ya basi yobwerera.

Chiko musamuuze kuti chipinda chinali chokongola.

Ndine mwamuna wanu,
Gershom Daka